Mkaka ndi maantibayotiki: ndi ati amene amadana nawo?

Pali langizo lina limene pafupifupi aliyense analimvapo: ukamamwa mankhwala, mkaka uyambe wausiya. Ena amati mkaka umasukulutsa mankhwala, ena amati umawapha mphamvu. Ena sadziwa n'komwe chifukwa chake, koma amalisunga langizoli mokhulupirika kuposa mmene amasungira nthawi yomwera mankhwalawo. Choonadi chilimo ndithu, koma n'chaching'ono kuposa mmene timachikuzira. Pa maantibayotiki onse amene madokotala amalemba, aja mankhwala olimbana ndi mabakiteriya oyambitsa matenda, amene amasokonezedwa kwenikweni ndi mkaka ali m'magulu awiri okha, gulu la tetracycline ndi gulu la ciprofloxacin. Munthu amene wangogwira mawu akuti "mkaka ayi" osadziwa dzina la piritsi lake amatha kulakwa kawiri: kumana wodwala chakudya chimene chikanamulimbitsa, kwinaku akumezera piritsilo pamodzi ndi chinthu china chowononga kuposa mkaka.

Piritsi likangomezedwa silinayambe ntchito. Liyenera kusungunuka kaye m'chifu, litsikire m'matumbo aang'ono, kenako mankhwalawo adutse khoma la matumbo n'kulowa m'magazi. Magaziwo ndi amene amakawatula kuchikhodzodzo, m'mapapo kapena pachilonda, kumene kuli mabakiteriya. Tsono mumkaka muli kashiamu wambiri, mchere uja wolimbitsa mafupa ndi mano, mamiligalamu pafupifupi 120 pa mamililita 100 alionse, ndiye kuti kapu imodzi yabwino ili ndi mamiligalamu 300 kapena kuyandikira pamenepo. Tetracycline ndi ciprofloxacin anapangika mwakuti akakumana ndi kashiamu amamugwira n'kukakamirana naye. Chinthu chimene chapangika pamenepo sichisungunuka bwino ndipo sichitha kudutsa khoma la matumbo. Zili ngati munthu amene akufuna kulowa pakakhomo kopanikiza atasenza mtolo wa nkhuni mopingasa: iyeyo ali bwinobwino, koma salowa. Mankhwalawo amangotsika ndi matumbo mpaka kukatuluka ndi chimbudzi.

Palibe poizoni amene amapangika. Simumva kupweteka, simusanza, simutuluka zidzolo. Ndipo apa m'pamene pali vuto, chifukwa cholakwika chimene chimapweteka munthu amachisiya msanga. Ichi sichilankhula. Mumameza piritsi lathunthu, thupi n'kulandira gawo lake lokha, inu n'kumawerenga kuti mwamwa mankhwala.

Kukonda kashiamu kwa tetracycline kuli ndi mbiri imene ine imandisangalatsa kwambiri. Gululi linayamba ndi Benjamin Duggar, katswiri wa zomera wa ku America amene anali atapuma kale pantchito yophunzitsa payunivesite, ali ndi zaka zopitirira 70. Akugwira ntchito kukampani ya Lederle, anapeza m'dothi lochokera ku Missouri kachilombo kotulutsa mankhwala achikasu, amene anatchedwa Aureomycin ndipo analengezedwa mu 1948. Koma zikuoneka kuti anthu ena anali atawamwa kalekale osadziwa. Mu 1980 gulu la ofufuza, mmodzi mwa iwo George Armelagos, linalengeza kuti mafupa a anthu akale a ku Nubia, kumpoto kwa Sudan, amene anakhalako pakati pa zaka za 350 ndi 550, ankawala akawaunika ndi kuwala kwapadera kotchedwa UV, mofanana ndi fupa la munthu amene anamwa tetracycline. Ofufuzawo amaganiza kuti mankhwalawa ankachokera mumowa umene anthuwo ankafulula, chifukwa mbewu zake zinali ndi mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces. Taganizani, mankhwala anagwira kashiamu wa m'fupa n'kukhala momwemo zaka pafupifupi 1,500. Angalephere bwanji kugwira kashiamu wa m'kapu imene mwamwera limodzi?

Khalidwe lomweli n'limene limachititsa kuti tetracycline asamaperekedwe wamba kwa amayi oyembekezera ndi kwa ana osakwana zaka 8, ndipo mayiko ena amaika malire pa zaka 12. Amakalowa m'mano amene akupangika n'kuwasiya achikasu kapena otuwa kwa moyo wonse. Mano othimbirira a mwana ndi piritsi lotayika m'matumbo ndi nkhani imodzi.

Pa onse, tetracycline weniweniyo, pamodzi ndi m'bale wake oxytetracycline, ndi amene savomereza mkaka ngakhale pang'ono. Mkaka umatha kuchotsa theka la mankhwala amene akanalowa m'magazi, nthawi zina kupitirira pamenepo. Ngakhale kamkaka kongoyeretsera tiyi kapena khofi kamachepetsa ndithu. N'chifukwa chake amauzidwa kumwedwa m'mimba mulibe kanthu, ola limodzi musanadye kapena patatha maola 2 mutadya, ndi madzi basi.

Doxycycline, amene anatuluka mu 1967, ndi wa banja lomwelo koma ndi wofatsirapo. Mkaka umamuchepetsa pang'ono, cha m'ma 20 pa 100 alionse. N'chifukwa chake mungapeze mapepala a malangizo akusiyana: lina likuti mukhoza kumwa ndi chakudya kapena mkaka ngati akukuchititsani mseru, lina likuti talikitsani mkaka. Onse ali ndi mfundo. Maganizo anga ndi akuti munthu amene doxycycline akumutembenuza m'mimba adye kaye chakudya chopanda mkaka wambiri, amwe mankhwala akewo. Piritsi lochepa mphamvu pang'ono limene lakhala m'mimba limaposa piritsi lamphamvu zonse limene mwalisanza patangopita mphindi zochepa. Koma doxycycline ali ndi vuto lake lina limene anthu saliopa mmene amaopera mkaka. Munthu amadzuka pabedi usiku, wakumbukira kuti sanamwe, amatenga kapisozi, amameza ndi malovu kapena ndi kamkamwa kamodzi ka madzi, n'kugonanso. Kapisoziyo amatha kuima pakati pam'mero, n'kusungunukira pomwepo, n'kuotcha mpaka chilonda. Kutacha, munthu akumva ngati chamubaya kuseri kwa fupa la pachifuwa, ngakhale madzi kumeza movutikira. Amafunika tambula yodzaza ya madzi, mutakhala tsonga kapena mutaimirira, ndipo musagone kwa mphindi zosachepera 30.

Gulu lachiwiri ndi la ciprofloxacin, amene anapangidwa ndi kampani ya Bayer ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri kuyambira mu 1987. Amaperekedwa pamatenda ena a m'njira ya mkodzo, a m'matumbo, taifodi ndi ena. Mu 1991 ofufuza a ku Finland otsogoleredwa ndi Pertti Neuvonen anapatsa anthu athanzi ciprofloxacin, ulendo wina ndi madzi, wina ndi mkaka, wina ndi yogati, n'kumayeza magazi awo. Mkaka ndi yogati zinachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala amene akanalowa m'thupi. Norfloxacin, wa gulu lomwelo, amatayika pafupifupi theka. Koma ngakhale m'banja limodzi anthu sabadwa ndi mtima umodzi: ofloxacin, levofloxacin ndi moxifloxacin sasokonezedwa kwambiri ndi mkaka.

Pepala la malangizo a ciprofloxacin limanena chinthu chimene ambiri amachiwerenga mothamanga. Limaletsa kumwera mankhwalawa mkaka, yogati kapena madzi a zipatso owonjezeredwa kashiamu pazokha, koma limalola kumwa mankhwalawo pachakudya chimene muli mkaka pang'ono monga mbali ya chakudyacho. Ndiye kuti choopsa kwenikweni ndi tambula ya mkaka m'malo mwa tambula ya madzi.

Zakudya zochokera kumkaka nazonso sizifanana. Tchizi cholimba chili ndi kashiamu wochuluka kuwirikiza kangapo kuposa mkaka wakumwa, cheddar amafika mamiligalamu 700 pa magalamu 100. Batala ali ndi wochepa kwambiri, chifukwa mbali yake yaikulu ndi mafuta. Kuchotsa mafuta mumkaka sikuchotsa kashiamu, kuwiritsa sikumuchotsa, ndipo mkaka waufa ukasungunulidwa ndi mkaka womwewo. Amene amathawira kumkaka wa soya ayang'ane pabokosi, popeza wambiri amathiramo kashiamu dala kuti ufanane ndi wa ng'ombe. Piritsi silisankha kuti kashiamuyu wachokera kuti.

Nanga ena onse aja? Amoxicillin, amene mwina ndi antibayotiki womwedwa kwambiri padziko lonse, alibe nawo mlandu mkaka. Cotrimoxazole, uja ambiri amamudziwa kuti Bactrim, chimene amafuna ndi madzi ambiri. Metronidazole kapena kuti Flagyl mdani wake wodziwika ndi mowa. Cefalexin alibe vuto ndi mkaka. Alipo ena monga ampicillin, flucloxacillin, penicillin V ndi rifampicin amene amalowa bwino m'mimba mukakhala mopanda kanthu, koma pamenepo choletsedwa ndi chakudya chilichonse panthawiyo, mkaka ungokhala chimodzi mwa izo. Jakisoni, diripi, mafuta opaka ndi mankhwala a m'maso sizidutsa m'matumbo, choncho nkhani ya mkaka siziikhudza n'komwe.

Ndinaonapo gogo wina akudwala chifuwa, wofooka, chakudya chilichonse akukankha, chimene ankalandira ndi mkaka wofunda wokha. Mdzukulu wawo atabwera nawo m'kapu, azakhali ake anamugwira mkono. "Iwe, bwerera nawo. Agogo ako akumwa mankhwala, ukufuna asachire?" Pakathumba ka mapiritsi kamene kanali pampando panalembedwa amoxicillin. Azakhaliwo ankachita mwachikondi, ndipo palibe amene akanawatsutsa, poti lamulolo aliyense amalidziwa. Koma wodwalayo anagona ndi njala popanda chifukwa chilichonse.

Ndiye pali mankhwala ena amene amachita kufuna chakudya, ngakhale mkaka umene. Nitrofurantoin, wa matenda a m'chikhodzodzo, amalowa bwino m'thupi ndipo savutitsa m'mimba akamwedwa ndi chakudya kapena mkaka. Mapiritsi a cefuroxime amalowa bwino mukamwa mutangodya. Co-amoxiclav amamwedwa poyamba kudya. Bedaquiline, wa TB yosamva mankhwala, amafuna chakudya. Ndipo ngakhale si antibayotiki, sindingasiye kutchula mankhwala a malungo a artemether-lumefantrine: lumefantrine salowa bwino popanda mafuta, moti malangizo ake amachita kunena kuti amwedwe ndi mkaka kapena chakudya chamafuta. Munthu wosunga lamulo lakuti mankhwala ndi mkaka siziyenderana, apa ndiye akudzichepetsera yekha mankhwala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mkaka ndi zinthu zimene zimakhala pashelefu imodzi ndi mankhwala. Kashiamu si yekha amene amagwidwa ndi maantibayotiki awa. Ayironi, zinki, maginiziyamu ndi aluminiyamu amagwidwanso, ndipo ena mwa iwo mwamphamvu kuposa kashiamu. Ayironi ali m'mapiritsi owonjezera magazi. Zinki ali m'mapiritsi a mavitamini osakaniza ndiponso amaperekedwa kwa ana otsegula m'mimba. Maginiziyamu ndi aluminiyamu ali m'mankhwala a chilungulira, aja oyera otafuna kapena akumwa ndi supuni. Mankhwala a chilungulira amtunduwu amatha kuchotsa mpaka 90 pa 100 alionse a ciprofloxacin. Poyerekeza ndi zimenezo, gawo limodzi mwa atatu limene mkaka umachotsa ndi laling'ono. Doxycycline amene amapirira mkaka uja, ayironi samupirira. Levofloxacin ndi moxifloxacin chimodzimodzi.

Ndipo onani mmene zimachitikira. Antibayotiki wayamba kukutenthetsani pamtima, mwachibadwa mumatambasula dzanja kukatenga mankhwala a chilungulira. Kapena m'mawa mumakhuthulira m'dzanja mapiritsi onse a tsikulo, la magazi, la mavitamini ndi antibayotiki, n'kumeza kamodzi kuti musaiwale. Mkaka mwaupewa mosamala, mwamwera madzi oyera, mtima uli m'malo. Chonsecho zonse zakakumana m'chifu nthawi imodzi. Palibe amene amakuchenjezani za izi kunyumba, chifukwa mapiritsi a magazi timawaona ngati mankhwala anzake, ndipo sitiganiza kuti mankhwala angatsekereze mankhwala.

Njira yake ndi wotchi basi. Zinthu ziwirizi zingokhala zosakumana m'mimba. Pa mkaka, kusiya maola 2 mbali zonse kumakwanira kwa ambiri. Pa ayironi, zinki, mapiritsi a kashiamu ndi mankhwala a chilungulira, ciprofloxacin amwedwe maola 2 zinthuzi zisanamwedwe, kapena padutse nthawi yaitali zitamwedwa, mapepala ena amati maola 4, ena 6. Kutsogoza antibayotiki kumafuna nthawi yochepa chifukwa iye amalowa m'magazi msanga, pomwe zinazo zimachedwa m'matumbo n'kumadikirira chilichonse chobwera pambuyo.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ciprofloxacin womwa kawiri patsiku. Mwamwa 6 koloko m'mawa ndi madzi. Pofika 8 koloko mukhoza kumwa tiyi wanu wamkaka mtima uli phee. Piritsi la magazi lilowe 12 koloko masana, ndiye kuti pofika 6 koloko madzulo padutsa maola 6. Yogati adyedwe isanakwane 4 koloko, kapena adikire mpaka 8 koloko usiku. Palibe chimene mwasiya, mwangosuntha. Tetracycline womwa kanayi patsiku ndiye amapanikiza, mipata yake ndi yaing'ono, moti kwa ambiri n'kosavuta kungousiya mkaka kwa masiku ochepawo. Ngati mapiritsi a magazi kapena a kashiamu munachita kulemberedwa, musawasiye panokha. Auzeni adokotala kapena wopereka mankhwala kuti mukumwa zimenezi, iwo anena ngati muziimike kaye kapena muzisinthe nthawi. Kwa okonda khofi, ciprofloxacin amachedwetsanso thupi kuchotsa caffeine, ndiye ngati mtima ukugunda mothamanga kapena tulo tasowa, chepetsani makapu.

Wina anganene kuti kutaya gawo limodzi mwa atatu si nkhani, poti magawo awiri alowa. Nthawi zina n'zoona, matenda amatha ndithu. Koma mlingo wa antibayotiki anauwerengera kuti m'magazi mufike mphamvu yoposa imene mabakiteriya angapirire. Ikatsika pansi pa malire amenewo, ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. Wodwala amamva bwino masiku angapo, kenako matenda aja abwerera, ulendo uno osamva mankhwala omwe aja. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, anachenjeza za zomwezi polandira mphoto ya Nobel mu 1945, kuti munthu womwa mlingo wosakwanira amaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Sindikunena kuti kapu ya mkaka ndiyo inapha anthu amenewa. Zifukwa zikuluzikulu ndi zina, monga kumwa maantibayotiki pachimfine chimene sichiwafuna, kugawana mapiritsi otsala, ndi kuwadyetsa ziweto mosasamala. Koma mlingo wochepa ndi mlingo wochepa, kaya wachepa chifukwa mwadumphitsa piritsi kapena chifukwa kashiamu waugwira panjira.

Za yogati pali chisokonezo china. Maantibayotiki amapha ndi mabakiteriya abwino a m'matumbo omwe, n'chifukwa chake ena amatsegula m'mimba. Ndiye anthu amalangizana kudya yogati kuti abwezeretse abwinowo. Umboni wakuti yogati wamba amathandiza pamenepa si wamphamvu kwenikweni, ngakhale kuti kudya sikulakwika. Ngati mukumwa amoxicillin idyani mmene mukufunira. Ngati ndi ciprofloxacin kapena tetracycline, yogati ndi mkaka basi, atalikirane ndi piritsi. Koma kutsegula m'mimba kwamadzimadzi kosalekeza, kwa magazi, kapena kobwera ndi kutentha thupi ndi kupotokola, sikofuna yogati. Kumeneko n'kobwerera nako kuchipatala msanga, ngakhale kutayamba mankhwala atatha kale.

Kwa ana aang'ono nkhaniyi imafuna kufatsa, chifukwa kwa khanda mkaka ndiye chakudya chonse. Mwayi wake ngwakuti maantibayotiki amene ana amapatsidwa kawirikawiri, monga amoxicillin, sadana ndi mkaka, ndipo palibe chifukwa chomuchotsera mwana kubere poti akumwa mankhwala. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuthira mankhwala m'botolo lodzaza mkaka. Mwana akamwa theka n'kukana, simudziwa kuti mankhwala alowa ochuluka bwanji. Ngati n'kofunika kusakaniza, ndi bwino kusakaniza ndi kamkaka kochepa kamene amaliza nthawi yomweyo, mutafunsa kaye ngati mankhwalawo amalola. Mwana akapatsidwa ciprofloxacin, zimene zimachitika pamatenda ena, funsani adokotala mmene mungatalikitsire ndi nthawi yoyamwa, osangomumana. Funso la mayi woyamwitsa amene iyeyo ndiye akumwa antibayotiki ndi lina, lokhudza mankhwala olowa mumkaka wa m'mawere, ndipo mayiyo anene kuti akuyamwitsa asanalemberedwe mankhwala.

Zonsezi zimadalira kudziwa dzina la chimene mukumwa, ndipo apa m'pamene ambiri timagwa. Timadziwa mankhwala ndi mtundu wake: kapisozi wofiira ndi wachikasu, kapiritsi koyera kakakulu. Koma mtundu umasankhidwa ndi kampani yopanga, moti makapisozi awiri ofanana ndendende akhoza kukhala amoxicillin ndi tetracycline. Nthawi zina mapiritsi amabwera m'kathumba kapulasitiki kongolembedwa kuti awiri katatu patsiku, dzina lolembedwa mothamanga losawerengeka, kapena osalembedwa n'komwe. Musachoke pawindo musanafunse. "Pepani, mankhwalawa dzina lake ndi chiyani? Ndimwe nditadya kapena ndisanadye? Nanga mkaka ndi mapiritsi a magazi amene ndikumwa?" Wopereka mankhwala amayankha zimenezi mumphindi imodzi, ndipo ngati n'kotheka apempheni alembe dzinalo mooneka bwino. Dzina lothera ndi "cycline" kapena "floxacin" likuuzani kuti muyambe kuyang'ana wotchi.

Ngati mwazindikira mochedwa kuti mwamwera ciprofloxacin kapena tetracycline mkaka, musamwe piritsi lina lobwezera. Simudziwa kuti loyamba lija lalowa lochuluka bwanji, ndipo kuwirikiza mlingo kuli ndi mavuto ake. Dikirani nthawi ya piritsi lotsatira, mumwe ndi madzi, n'kupitiriza mmene munauzidwira. Kamodzi kokha sikawirikawiri kuwononga chithandizo chonse. Koma ngati mwakhala mukutero kuyambira tsiku loyamba, kapena mwakhala mukumeza limodzi ndi mapiritsi a magazi kapena a chilungulira, ndipo simukuona kusintha, bwererani kwa adokotala mukawauze zimenezo mosabisa. Mukapanda kunena, iwo angaganize kuti mankhwalawo alephera n'kukulemberani ena amphamvu kwambiri, pomwe oyamba aja sanafike n'komwe m'magazi mokwanira.